Lumo Lakale Silipita kwa Wonola Zikwanje

Amangwetu, sabata ino andale apumeko kaye. Tikambe za ndevu.

Musaseke, nkhani ya ndevu ndi nkhani ya ndalama. Mu Meyi 2022 Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 idagwetsedwanso ndi 44 peresenti, koma ndevu zanga sizidamve nkhani imeneyi pa wailesi. Zidangopitiriza kumera. Malezala amene mumapachika pa mabenchi anuwo amachokera kunja, ndiye dola ikakwera nawonso amakwera, ndipo ife a ndevu zouma ngati waya timangopereka mwezi ndi mwezi ngati msonkho wa pamsika. Bola wa msonkho amakupatsako tikiti.

Tsono Loweruka lina ndidali ku msika wa Ndirande, mbali ija ya zitsulo kumene munthu umapeza loko wopanda kiyi ndi kiyi wopanda loko. Ndinkafuna mahinji a chitseko. Pa chiguduli china, pakati pa masipanala adzimbiri ndi mabawuti, ndidaona kanthu kakuda kooneka ngati mpeni wopinda. Nditakatsegula ndidapeza kuti ndi lumo, lumo lenileni lometera ndevu, lija timangoliona m'mafilimu akale a azungu.

"Madala, ichi n'chiyani?" ndidafunsa monamizira kusadziwa, poti ndinu nomwe mudandiphunzitsa kuti wogula akaonetsa mano mtengo umakwera.

"Ndi lumo limenelo, mwana wanga. Mwini wake adabwera nalo kuchokera ku Joni kalekale. Atamwalira, ana ake adandigulitsa bokosi lonse la zitsulo, ilo lili momwemo."

Tidanenerera pang'ono, ndipo ndidalitenga pa ndalama yosakwana n'komwe chipisi cha anthu awiri. Ndikuchoka pamenepo ndinkawerengera kale: lumo limodzi, moyo wonse, malezala basi tasiyana.

Apa ndi pamene ndidachita uchitsiru umene wandilembetsa nkhani ino. Lumo lija lidali lobuntha loti ngakhale nthochi likadaivutikira. Potuluka mumsika ndidaima pa mnyamata wina wonola mipeni ndi zikwanje, uja wa gilayinda ya magetsi. Iye sadalakwe, adachita zimene ndidamutuma. Adaligunditsa pa mwala wozungulira uja, moto kuthetheka, masekondi osakwana khumi. Polilandira, mbali yakuthwa ija, imene m'nkhani ino ndiziitcha mlomo wa lumo, idali itasanduka yabuluu, ndipo pakati padali patabenthuka ngati dzino la mwana wokonda maswiti.

Pambuyo pake ndidamva chifukwa chake. Chitsulo cha lumo amachiwotcha n'kuchiziziritsa mwadzidzidzi kuti chiume gwa, ndipo chakumlomo amachipala mpaka kupyapyala ngati pepala. Chitsulo chopyapyala chotero sichichedwa kutentha. Chikasanduka buluu ndiye kuti chafika pafupifupi madigiri 300, kulimba kuja kwathawa, ndipo ngakhale unole mpaka Yesu adzabwere sichingasungenso kuthwa. Chikwanje chimapirira gilayinda chifukwa n'chochindikala, komanso palibe amene amametera chikwanje.

Usiku womwewo ndidapukuta khosi la lumo lija ndi kansanza ka palafini ndipo zilembo zidaoneka: kanyenyezi, kamtanda, ndi mawu akuti Joseph Rodgers & Sons, Sheffield, England. Nditafufuza pa foni mtima udandipweteka. Sheffield ndi mzinda wa ku England umene kwa zaka mazanamazana udatchuka ndi mipeni ndi malumo. N'kumeneko kumene Benjamin Huntsman, m'zaka za m'ma 1740, adatulukira njira yosungunulira chitsulo m'miphika yadothi kuti chituluke choyera ndi chofanana paliponse. A Rodgers amenewa ankasulira mipeni banja lachifumu la ku Britain. Ndiye taonani: lumo lidawoloka nyanja, lidakhala ku Joni, lidafika kuno, lidameta munthu mpaka imvi, n'kudzafera m'manja mwa mtolankhani wa setifiketi ya Fomu 4.

Inu ogulitsa zitsulo zakale, mayina awa muwasunge, musadzaponye lumo m'gulu la zitsulo za pa sikelo. A ku Sheffield, kupatula Rodgers, kuli Wade & Butcher ndi George Wostenholm amene malumo ake ambiri ali ndi chizindikiro cha kaliwo. A ku Solingen m'dziko la Germany kuli Henckels wa chizindikiro cha mapasa, Böker wa chizindikiro cha mtengo, ndi Dovo imene idayamba mu 1906. Ku France kuli Thiers-Issard, ku Sweden kuli C.V. Heljestrand wa ku Eskilstuna. Ukalamba wa lumo umaonekanso pa zilembo zomwezo. Mu 1890 dziko la America lidaika lamulo loti katundu wolowa kumeneko azilembedwa dziko limene wachokera, ndiye kuyambira 1891 osula a ku Sheffield adayamba kuwonjezera mawu akuti England. Lumo longolembedwa Sheffield popanda England kawirikawiri limakhala la kumbuyo kwa chaka chimenecho.

Nanga zinthu zolimba chonchi zidatha bwanji? Inu amalonda muimvetsa msanga. Mkulu wina wa ku America, King Camp Gillette, amene naye adali wamalonda woyendayenda, adaganiza kuti phindu lili pa chinthu chimene munthu amagula, n'kugwiritsa ntchito, n'kutaya, n'kubweranso. Mu 1903, chaka choyamba cha malonda ake, adangogulitsa timakina tometera 51 ndi malezala 168. Koma pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali a America adapatsidwa timakina take mamiliyoni, ndipo atabwerera kwawo panalibenso wofuna kulimbana ndi mwala ndi lamba. Pofika 1975 a Bic adatulutsa kapulasitiki kotaya konse ndi chigwiriro chomwe. Lumo limagulidwa kamodzi, wogula osaonekanso zaka 40. Lezala limabweza kasitomala sabata ndi sabata. Mukadakhala inu mukadasankha kugulitsa chiti?

Komabe malumo sadafe onse. Mu 2012 filimu ya James Bond yotchedwa Skyfall idaonetsa mkuluyo akumetedwa ndi lumo, ndipo ogulitsa malumo ku Britain adati malonda adakwera. Pa intaneti pali anthu amene amasaka malumo akale n'kumapikisana mitengo pa eBay. Choncho kanthu kamene inu mukukaona ngati chitsulo chakutha, kwina kuli munthu amene akukafuna.

Padapita miyezi itatu ndisanapeze lina. Ndidalipeza ku Limbe, kwa mayi wina wogulitsa ziwiya zakale zochokera ku okushoni ya katundu wa m'nyumba. Ulendo uno sindidapite ndekha. Ndidatenga madala ena a kwathu ku Chilomoni amene ali mnyamata ankagwira ntchito kwa mmwenye wina wometa, nthawi imene magetsi adali asanalowe m'nyumba zometera. Mmene adaliyang'anira lumo lija ndidaona kuti pogula loyamba ndidangochita mwayi.

Dzina sadaliwerenge n'komwe. Adayamba ndi mlomo. Adatembenukira kudzuwa n'kumaliyendetsa pang'onopang'ono, kusaka mng'alu. Lumo long'aluka, ngakhale kamng'alu kaonde ngati tsitsi, n'lakufa, lisiyeni ngakhale akupatseni ulere. Kubenthuka kwakung'ono, koti chikhadabo chingokodwa pang'ono, mwala umachotsa, koma kwakukulu kumadya theka la lumo usanakufike. Kenaka dzimbiri. Dzimbiri lofiira la pamwamba, kumsana kapena pakhosi, si mlandu, limachoka ndi sandipepa yosalala ndi mafuta. Choopsa ndi timaenje takuda pafupi ndi mlomo. Pamenepo dzimbiri lalowa m'kati, ndipo ukamanola mlomo umangoyoyoka, ukadutsa dzenje ili wapeza lina.

Atatero adaligoneka pa galasi la wotchi ya pakhoma imene mayi aja ankagulitsa, kuti aone ngati msana ndi mlomo zikugunda pansi pamodzi mbali zonse ziwiri. Lumo lopindika limagwedera ngati tebulo la mwendo umodzi waufupi, ndipo wophunzira sangalithe. Adayang'ananso mzere wa mlomo. Ukakhala wowongoka kapena wotukuka pang'ono pakati ngati mimba, zili bwino. Ukakhala wolowa m'kati ndiye kuti mwini wake wakale ankanola pakati pokha, ndipo kuwongola kwake ndi ntchito ya masiku. Msana nawo umaulula: ukakhala wophwatalala kwambiri, wonyezimira ngati njanji, lumolo lanoledwa mpaka kutopa.

Chomaliza adanunkhiza chigwiriro. Mayi aja adaseka mpaka kugwira nthiti, koma madala adali ndi chifukwa. Zigwiriro zambiri zakale n'za pulasitiki yoyambirira yotchedwa celluloid, imene ikakalamba imawola n'kumatulutsa mpweya wa asidi. Mpweyawo umadya chitsulo, ndipo umadziwika ndi fungo lowawasa komanso dzimbiri lokhala mbali yokhayo ya lumo imene imabisala m'chigwiriro likapindidwa. Lotero musalisunge pamodzi ndi ena, limapatsira. Zigwiriro zina n'za nyanga ya ng'ombe, zina za fupa, zina za mtengo, ndipo zimenezi zilibe vuto. Koma chenjerani, malumo ena akale odula ankawaika zigwiriro za mnyanga wa njovu. Lamulo la nyama zakutchire limene lidakhwimitsidwa mu 2017 limalola khoti kumanga munthu mpaka zaka 30 pa milandu ya minyanga. Mukaona chigwiriro choyera motuwira, chopyapyala, chokhala ndi timizere ngati ta mtengo, ndipo mukukayika, ndevu zisakulowetseni ku Chichiri.

Lija lidapambana mayeso onse. Lidali la ku Solingen, chigwiriro chakuda, mulifupi mwake 5/8. Malumo amayezedwa choncho, inchi imodzi kuigawa pasanu ndi patatu, kuchokera pamsana kufika pamlomo. La 5/8 ndi pafupifupi mamilimita 16, ndipo limeneli kapena la 6/8 ndilo loyenera woyamba, makamaka likakhala la nsonga yozungulira. La nsonga yangodya limaluma khutu.

Mawu amodzi pa malumo atsopano otchipa onyezimira, a maluwamaluwa pa chigwiriro koma opanda dzina la wosula: ambiri chitsulo chake n'chofewa, amathwa lero mawa abuntha. Bola lakale la dzimbiri pang'ono.

Tsopano kunola. Ndidafika kwa madala ndi mwala wanga wa ku hadiweya, uja wa mbali ziwiri wotuwa, ndikudzimva kuti ndakonzeka. Adaugwira, n'kuupala ndi chala, n'kundibwezera.

"Uwu kanolereni khasu, mwana wanga."

Miyala yonolera imapatsidwa manambala, ndipo nambala ikamakula mwala umasalala. Wa ku hadiweya uja uli m'mahandiredi ochepa chabe. Lumo limayambira pa 1000, kupita pa 3000 kapena 4000, kenaka 8000, ndipo ofuna kusalala kwenikweni amafika pa 12000. Wa 1000 ndi umene umasema mlomo, enawo amangofufuta mikwingwirima imene woyambawo wasiya. Miyala yotereyi, monga King ndi Naniwa ya ku Japan kapena Norton ya ku America, kuno sindidaipeze pa shelefu. Wanga wa mbali ziwiri, 3000 ndi 8000, adanditumizira msuweni wanga wa ku Johannesburg kudzera pa basi, ndipo udadya ndalama zoposa malumo onse awiri kuwirikiza kangapo. Pamenepa masamu anga a ku Ndirande aja adayamba kugwedezeka. Kugula lumo n'kotchipa, chodula ndi chonolera.

M'malo mwa mwala wa 1000 tidachita za chimalawi. Tidatenga galasi la luva, n'kumatapo sandipepa ya madzi ija amagwiritsa ntchito openta magalimoto, ya 1500 kenaka ya 2000, yonyowetsa bwino kuti igwire galasi popanda makwinya. Dziwani kuti manambala a sandipepa ndi a miyala ya ku Japan sayenda limodzi: sandipepa ya 2000 ili pafupi ndi mwala wa 1000 kapena kuposera pang'ono. Imathandiza kusema mlomo, koma siingakufikitseni pometa. Galasi lomwelo limawongoleranso mwala. Umalemba mizere ya pensulo pa mwala, n'kuukhutiza pa sandipepa mpaka mizere yonse itafufutika. Mwala wa chigwa pakati umapotoza lumo.

Madala adatulutsanso chuma chawo, kamwala kachikasu kokutidwa m'kansalu, kamene adapatsidwa ndi bwana wawo uja atatseka shopu. Sadziwa dzina lake, amangoti mwala wa lumo. Kaonekedwe kake n'kofanana ndi coticule, mwala umene umakumbidwa ku Vielsalm m'dziko la Belgium. M'kati mwake muli timiyala tolimba tosaoneka ndi maso totchedwa garnet, ndipo ukaukhutiza ndi kamwala kena pamadzi umatulutsa phala loyera ngati mkaka limene limadya chitsulo mofulumira. Ukamathira madzi phalalo n'kumasungunuka, mwala womwewo umasanduka wosalalitsa. Sadandilole kuugwira mpaka sabata yachitatu.

Chinsinsi chachikulu cha lumo, chimene ife onola mipeni ya kukhitchini sitichidziwa, n'chakuti suliimika. Mpeni umautukula msana n'kuyerekeza ndi maso kapendekedwe kake. Lumo umaligoneka lonse, msana ndi mlomo kugunda mwala nthawi imodzi. Wosula adayeza kale kuchindikala kwa msana kuti ukaligoneka choncho mlomo utuluke wa madigiri pafupifupi 16. Ntchito yako ndi kusasokoneza zimene iye adakonza. Ukatukula msana kamodzi kokha, wabunthitsa zonse zimene wanola ola lathunthu. Ena amamata tepi ya magetsi pamsana kuti usadyeke, ndipo n'zabwino kwa wophunzira amene dzanja lake n'lolemera, koma ukayamba ndi tepi umalize ndi tepi, ndipo uziisintha ikaperepeseka.

Kayendetsedwe kake nkaka. Mwala wonyowa, lumo chogona, mlomo kutsogolo ngati ukufuna kusenda kachikopa kopyapyala pamwamba pa mwalawo. Ukamakankha umalitsetsereka cham'mbali kuti kuyambira kutsinde mpaka kunsonga paliponse pakhudze mwala. Ukafika kumapeto umaligubuduza pa msana, mlomo kuyang'ana kumwamba, n'kubwerera ndi mbali inayo. Kupita ndi kubwera kumalemba X pa mwala. Osaligubuduza pa mlomo, ndipo ili ndi phunziro limene dzanja langa lidakana kwa masiku atatu. Nthawi iliyonse ndikalakwitsa madala ankangoti "Mwapha," n'kupitiriza kusenda chinangwa chawo.

Pali njira yoonera ngati ukunoladi mlomo kapena ukungopukuta m'mbali. Umapaka inki ya maka mlomo wonse mbali zonse ziwiri, n'kuyendetsa kawiri katatu pa mwala. Pamene inki yachoka ndi pamene mwala ukukhudza. Langa lija inki inkatsala kunsonga ndi kutsinde, kusonyeza kuti ndinkakanikiza pakati. Mankhwala ake si kuwonjezera mphamvu, pakuti lumo lopyapyala ukalikanikiza limapindika ndipo mlomo weniweniwo umanyamuka pa mwala. Umangosuntha kulemera kwa chala pang'onopang'ono, kuyambira kutsinde kumalizira kunsonga.

Cholakwa chachikulu cha ophunzira, ine woyamba, ndi kuthamangira mwala wosalala. Mbali ziwiri za mlomo ziyenera kukumana kaye pa mwala woyamba uja, kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Zikapanda kukumana, wa 8000 ungokupatsa lumo lonyezimira ngati kalilole koma losameta. Poyesa, madala adanditumiza tomato wakupsa. Umangogunditsa mlomo pa khungu la tomato popanda kucheka, malo ndi malo. Pamene palowa mosavuta pafika, pamene paterereka pakadali ntchito. Amayi a tomato a pa Chilomoni adandidabwa, mnyamata wogula tomato mmodzimmodzi tsiku lililonse. Kuyesa kwina ndi ubweya wa pamkono: lumo lochoka pa mwala woyamba liyenera kumeta mkono mbali iliyonse ya mlomo wake. Mkono wanga wamanzere udayera ngati wa khanda, mpaka anzanga a pa minibasi adayamba kundifunsa ngati ndikudwala.

Zidanditengera madzulo asanu ndi limodzi kuti mlomo ukumane. Tsiku lachinayi ndidafuna kuliponya m'chimbudzi. Madala adangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kundiuza ndibwere mawa. Koma utangokumana, zotsalazo zidayenda ngati madzi: maulendo makumi angapo pa 3000 mpaka mikwingwirima ya sandipepa itatha, ena pa 8000, dzanja likupepukirapepukira mpaka pomaliza lumo likuyenda ndi kulemera kwake kokha. Pamenepo amayesa ndi tsitsi limodzi, kuligwira ndi zala n'kuligwetsera pa mlomo. Likaduka lokha, mwayandikira. Tsitsi lathu lopotanali limavuta kugwira, ndiye ndidakapempha la m'chipeso kwa mlongo wanga amene amawongola lake. Adandiyang'ana ngati ndayamba za mankhwala.

Mwala si wa tsiku ndi tsiku. Lumo lonoledwa bwino limatha miyezi lisanabwerere pa mwala. Cha tsiku ndi tsiku ndi lamba wachikopa. Mlomo wa lumo ndi wopyapyala kwambiri moti ndevu zimaupinda pang'onopang'ono, ndipo chikopa chimauwongola ndi kuusalalitsa. Wanga ndidamupeza pa kaunjika: chikopa chenicheni, chotambalala, chosalala, chopanda ulusi kapena zokongoletsa. Umamukoleka pa msomali, n'kumukoka kuti aume, ndipo apa kayendedwe kamatembenuka. Pa mwala mlomo umatsogola, pa lamba msana ndi umene umatsogola, mlomo kutsatira m'mbuyo. Maulendo 40 kapena 50 usanamete, mosathamanga, kugubuduza pa msana monga kale. Zija mumaona m'mafilimu wometa akumenya lamba phwa phwa phwa n'zamasewera. Ine nditayesa ndidadula lamba woyamba pawiri.

Mukasowa lamba, nyuzipepala yopinda bwino pa tebulo losalala imathandizako. Ndiye amene mumati nyuzi ino ilibe ntchito kupatula kukulungira usipa, mwapeza ntchito yachiwiri.

Kumeta koyamba ndidachita Lamulungu m'mawa, anthu onse atapita kutchalitchi, kuti pasakhale mboni. Madzi otentha, thovu lambiri la sopo, khungu kulikoka ndi dzanja linalo kuti liume, lumo kuligoneka pafupi ndi tsaya, msana kutalikira khungu pang'ono chabe, n'kutsika motsata mmene ndevu zamerera. Lumo siliyenda cham'mbali ngati mpeni wocheka buledi, ukatero watsegula tsaya. Ndidadzicheka kawiri, pachibwano ndi pansi pa khutu, ndipo zidanditengera mphindi 40. Koma kaphokoso kake ndevu zikuduka, ngati munthu akupala mkute wa m'poto chapatali, sindidakamvepo ndi lezala. Lero ndimatha mphindi 15 popanda magazi. Lamulo lina limene madala adandiuza ndisanayambe: lumo likapulumuka m'manja, lisiyeni ligwe, chotsani phazi. Osaliwakha.

Ukamaliza umalitsuka, kulipukuta mpaka liume, n'kulipaka kadontho ka mafuta a makina osokera. Malumo akalewa si a chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo nyengo ya chiperoni usiku umodzi wokha ndi wokwanira kulipatsa mawanga.

Pali nkhani imodzi imene sindiseka nayo. Lumo limeneli ndi la munthu mmodzi. Si la inu ndi achimwene anu, si lobwereka mlamu. Magazi a pa lumo amatha kupatsira HIV, ndipo kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo pa chitsulo masiku 7 kapena kuposerapo, magazi ataumapo kale. Lumo logula kwa wina liyambe latsukidwa ndi sopo, chitsulo chake n'kunyikidwa mu sipiriti, musanaligunditse pa mwala kapena pa khungu. Ndipo inu a m'mabarbershop musatengeke ndi nkhani yanga n'kuyamba kumeta makasitomala ndi lumo limodzi ngati mmene ankachitira bwana wa madala aja. Nthawi imeneyo idapita. Kwa kasitomala gwiritsani ntchito chija chooneka ngati lumo koma cholowetsa lezala, ndipo lezala latsopano mulitsegule iye akuona.

Kodi ndapulumutsa ndalama? Ndikawerengera mwala, mtengo wa basi, malamba awiri, sandipepa, tomato, ndi shuga amene ndinkapititsa kwa madala, ndiye kuti chaka chino ayi. Chaka chamawa mwina. Chimene ndikudziwa n'chakuti papita miyezi isanu ndi iwiri ndisanaime pa benchi ya malezala, ndipo mnyamata amene ndinkamugula adandifunsa ngati ndasamuka.

Loweruka lapitali ndidabwereranso ku Ndirande kwa madala a chiguduli aja. Atandiona adapisa m'thumba la jekete, osati pa chiguduli, n'kutulutsa lumo lalikulu lolemera, chigwiriro cha nyanga ya ng'ombe chodyedwa pang'ono ndi tizilombo. Pakhosi palembedwa Wade & Butcher, Sheffield. Mawu akuti England palibe. Ndidalitembenuzira kudzuwa, mng'alu palibe, timaenje palibe. Ndidayesetsa kubisa mano koma zidakanika.

"Zingati, madala?"

Adatchula mtengo woposa wa loyamba lija kakhumi.

"Aaa, madala! Si paja lija mudandipatsa pa mtengo wa chipisi?"

"Lija mudagula ngati chitsulo, mwana wanga. Koma mwabwera kanayi kudzafunsa za malumo. Inenso ndili ndi mutu."

Ndawasiyira kachikole kuti andisungire mpaka kumapeto kwa mwezi, a mkonzi akandikumbukira.